Ndevu za a Thole

Aliyense amene anametetsapo tsitsi ku Katoto akuwadziwa a Zebedee Thole, ndipo ambiri amawakumbukira ndi chinthu chosayenerana ndi ntchito yawo. Kwa zaka zingapo, wometa wotchuka kuposa onse m'derali anali ndi ndevu zofika pachifuwa. Kumutu kunalibe nkhani, chifukwa dazi linawalanda tsitsi lonse akadali mnyamata. Anyamata a kabaza oima pafupi ndi babashopu yawo ankati tsitsi la a Thole silinathothoke ayi, linangosamukira kumunsi pothawa kuzizira kwa mu Mzuzu. Eni akewo ankaseka nawo, n'kuwauza kuti, "Inu bweretsani mitu yanu, nkhope yangayi isiyeni."

Anabadwira kufupi ndi Chintheche, m'banja la anthu okonda sukulu. Abale awo anakhala aphunzitsi ndi makalaliki, koma iwo sukulu inawakana ali Fomu 2 ndipo sanaikakamire. Anakwera basi ya ku Mzuzu atanyamula sizasi, chipeso ndi galasi lobenthuka pakona. Anayamba kumeta pansi pa mtengo, kenako m'kachisakasa ka zigwagwa, matabwa otsala pocheka mitengo, mpaka anadzapeza chipinda cha njerwa chokhala ndi mipando iwiri, sola padenga ndi batire lalikulu pansi pa tebulo, kuti magetsi akazima mutu wa munthu usatsale theka. Kudzikayikira sankakudziwa. Ankanena poyera kuti madokotala, maloya ndi abusa a mumzinda muno onse amaweramitsa mutu pamaso pawo, ndiye sukulu inawamana chiyani? Akamaliza kumeta munthu ankakutumula thaulo kamodzi, kuti phwa, n'kutsekera ndi zikomo wa kumpoto kuti, "Finishi, yewo chomene." Mawu amenewa ankawanenanso pa mkangano uliwonse umene aona kuti apambana, ndipo kwa iwo mikangano yotere inali yonse.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sankauzidwa finishi. Ameneyo anali mkazi wawo, Marjorie NyaManda, mphunzitsi wa ana a Sitandade 1, wamng'ono thupi, wa mawu ochepa ndi chigongono chakuthwa. Anamanga nyumba ku Msongwe, nabereka mwana mmodzi wamkazi, Temwani, amene mayi ake anamukankha pa sukulu mpaka naye anakhala mphunzitsi wa sekondale.

Mkonono wa a Thole unali wodziwika ku Msongwe. Aneba ankati safuna galu, mbava zimathawa zokha. Chimene anebawo sankadziwa n'chakuti mkononowo unkaduka. Phokoso lili mkati, mwadzidzidzi zii, chifuwa chikukankha koma mpweya osalowa. Apo ndi pamene chigongono cha Marjorie chinkafika m'nthiti. A Thole ankadzidzimuka mobanika, n'kupeza maso a mkazi wawo ali yuu, kenako n'kutembenuka kupitiriza tulo. Kukacha ankadandaula kuti anakwatira mkazi womenya mwamuna wake ali m'tulo. Marjorie ankangoyankha kuti, "Mukasiya kuiwala kupuma, nanenso ndisiya." Lamulungu ankasinza m'tchalitchi ulaliki uli pakati, ndipo a Thole ankamuseka njira yonse yobwerera kuti sanaonepo mkazi wokonda tulo chotere.

Marjorie anadwala masiku ochepa chabe n'kumwalira. Anakamuika kwawo kunyanja. Tsiku lometa maliro litafika, achibale onse anakhala pansi kuti achotse tsitsi monga mwa mwambo, ndipo popeza m'banjamo munali katswiri, lumo analipereka kwa a Thole. Anameta ana, anameta alamu awo, anameta ndi Temwani yemwe. Itafika nthawi yawo, mkulu wake wa malemuyo, mayi Mabel, anatambasula dzanja kuti alandire lumolo, pakuti wamasiye amametedwa ndi a kuchikazi. Pa dazi panalibe choti n'kumeta, ndiye lumo likanagwira ndevu basi. A Thole analipinda lumo lija, naliika m'thumba.

"Ine ndimeta mawa," anatero.

Mawa lija linakhala mwezi, mwezi unakhala zaka. Anthu anayankhula mpaka kutopa, ndevu zikungokula.

Chigongono chitachoka pabedi, thupi linayamba kuulula. A Thole ankadzuka mutu ukuwawa, kukamwa kouma gwa, otopa kuposa mmene anagonera. Masana ankasinza pa benchi, ankasinza akumvera mpira pa wailesi, ankasinza kasitomala ali pakati pofotokoza nkhani. Iwo ankati ndi ukalamba, ndipo ukalamba si matenda. Tsiku lina masana dzuwa likuswa mtengo, ankakonza mzere wa m'khosi mwa bwenzi lawo lakale, a Foster Chiumia, amene anapuma ntchito ku positi. Lezala ili m'manja, ali chiimire, tulo tinawaba, mutu n'kugwa. Atadzidzimuka, a Foster anali atalumphira pakhomo atagwira pansi pa khutu, magazi akutsikira m'kolala.

"A Thole, ine ndabwera kudzametetsa, osati kudzazingidwa ngati nkhuku!"

Bala linali laling'ono, koma mbiri yake inakula msanga. Sabata isanathe, benchi inali mbee. Ngakhale ana a sekondale, amene sukulu ikamatsegulira ankapanga mzere mpaka kumsewu, anayamba kulambalala. A Thole anachita manyazi, chinthu chimene chinali chisanawachitikirepo pa ntchito yawo, ndipo Temwani atabwera kudzawatenga kuti apite kuchipatala sanalimbelimbe.

Kuchipatala anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, nawatumiza kwa dokotala wina wa ku Lilongwe wodziwa za pakhosi. Kumeneko anawagoneka atawamanga timawaya pa chala, pachifuwa ndi pamphuno. Kutacha, dokotalayo, mayi wachitsikana wa Chichewa cha pakati chosasakaniza, anawakhazika pansi pamodzi ndi Temwani.

"Bambo Thole, mukagona, minofu ya kukhosi kwanu imalefuka n'kutseka njira ya mpweya. Thupi limakudzutsani kuti mupume, mumagonanso, njira imatsekekanso. Zimachitika kambirimbiri usiku umodzi, inu osadziwa. Mtima wanu ukutopa nazo, ndipo mukapanda kuchitapo kanthu zingathe kukubweretserani sitiroko. Kodi mumalota?"

Funso limeneli linawabaya a Thole, koma sanaonetse. "Maloto akukhudzana bwanji ndi pakhosi, adokotala?"

"Tulo tanu timaduka musanafike pakatikati, pamene munthu amapumuladi n'kumalota," anatero dokotala, napitiriza. Anati njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi makina aang'ono oika pambali pa bedi, okhala ndi paipi ndi masiki, amene amakankha mpweya pang'onopang'ono kuti njira isatsekeke. Amafuna magetsi, amafuna kutsukidwa, ndipo munthu amagona nawo masiku onse. Yachiwiri ndi opaleshoni yochotsa minofu ina ya kukhosi kuti njira ikule.

A Thole sanadikire kuti amalize. Nkhope inawala.

"Opaleshoni. Ine ndine munthu wa lumo, adokotala. Chinthu chikakula pamalo olakwika timadula. Finishi."

Dokotala anamwetulira. "Kusiyana kwake n'kwakuti zimene mumadula inu zimameranso. Zimene ndingadule ine sizibwerera. Ena opaleshoni imawathandiza kwambiri, makamaka amene chotseka njira chili pamalo amodzi oonekera. Inu khosi lanu ndi lalikulu, ndipo lilime nalo limagwera kumbuyo. Nditha kukudulani, mumve ululu masabata angapo, mwina n'kuchira, mwinanso n'kudzafunabe makina omwewa. Makina ndiye ndikudziwa kuti akuthandizani, bola muziwavala. Koma khosi ndi lanu, musankha ndinu. Tayesani kaye masikiyi."

Popeza a Thole amapumira kukamwa akagona, masiki yake inali yophimba mphuno ndi pakamwa pomwe. Dokotala anaimanga, nayatsa makina. Mpweya unayamba kuthawira m'mbali kuti fyuu, ndevu zikuvina. Anakoka malamba, anaisuntha, koma sizinasinthe.

"Siingagwire pa ndevu zotere. Ziyenera kuchoka."

A Thole anavula masiki ija mwaulemu, naiika pa tebulo, naimirira. "Ndiye mundilembe pa opaleshoni. Yewo chomene."

M'basi yobwerera, kuyambira ku Kasungu mpaka kudutsa m'nkhalango ya Chikangawa, Temwani sanawapatse mpata.

"Adada, mukufuna kudulidwa khosi chifukwa cha ndevu? Mukunena zoona?"

"Si ndevu yayi. Makina amafuna magetsi. Iwe sukudziwa mmene magetsi amazimira ku Msongwe?"

"Inu amene muli ndi batire lokwana kumeta Katoto yense? Pezani chifukwa china, adada."

"Makinawo ndiwapeza kuti?"

"Amuna anga, apongozi anu, ali ku Joni. Ndawaimbira kale, akuti awatumiza pa basi."

A Thole anayang'ana pawindo. Kanali koyamba kuti asowe ponena finishi, ndipo kunena zoona zinawapweteka kuti amene wawatsekera njira zonse ndi mwana amene anamulipirira okha sukulu. Temwani naye anali wokwiya, chifukwa ankaganiza kuti bambo ake akonda ndevu kuposa moyo. Atafika ku Mzuzu anachita zimene amachita ana a masiku ano madzi akafika m'khosi. Anaimba foni kumudzi.

Mayi Mabel anafika Lamulungu masana, kamvula kakuwaza, atasenza ufa wa kondowole ndi nthochi. Anali mayi wamtali, wamawu okuluwika, amene m'banja mwawo akatsokomola anthu amasiya kuyankhula. Anakhala pakhonde ndi alamu awo, napatsana moni wautali, nafunsana za odwala ndi za mvula. Temwani anawapatsa tiyi n'kulowa m'nyumba.

"Mulamu," anayamba mayi Mabel, "ine sindinabwere kudzanena za madokotala, sindizidziwa. Ndabwera kudzatenga lumo limene munandimana pamaliro paja. Banja lonse linameta, maliro anatha. Inu nokha mwawagwira mpaka lero. Tinakulakwirani chiyani?"

A Thole anasisita ndevu zija kwa nthawi. Sanali munthu wobisa mawu, koma awa anali atawasunga okha zaka zonsezi.

"Inu simunalakwe, alamu. Ndikudikira Marjorie."

"Mukudikira?"

"Enya. Temwani anamulota mayi ake akuyanika zovala, maliro asanathe ndi mwezi womwe. Inu munamulota akukufunsani za mbewu ya chinangwa, munandiuza nokha. Ngakhale mayi wa nyumba iyo, amene sankayankhulana naye chifukwa cha nkhuku, anamulota. Ine mwamuna wake, ngakhale kamodzi. Ndinati tsiku limene adzabwere kudzandiona ndiye ndidzameta. Ndikameta asanabwere, ndiye kuti ndavomera kuti wapitadi osanditsanzika. Mtima umandiwawa chomene, alamu. Ndimaganiza kuti mwina anapita atandikwiyira."

Mayi Mabel anamwa tiyi wawo pang'ono, osafulumira.

"Nanga zina mumalota?"

"Yayi."

"Palibe? Za kumudzi, za mpira, za makasitomala anu othawawo?"

"Ine sindilota chilichonse. Ngakhale mbuzi."

Mayi Mabel anaika kapu pansi, nawayang'ana alamu awo kuyambira pa dazi mpaka kunsonga ya ndevu.

"Ndiye munthu wosalota ngakhale mbuzi, mukum'namizira m'bale wanga kuti wakukwiyirani? Mulamu, mlendo akagogoda pa nyumba yopanda munthu amabwerera. Mukudziwa bwanji kuti sabwera?"

A Thole anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma m'malo mwake anakumbukira mawu a dokotala wa ku Lilongwe uja, amene tsiku lija anangowadutsa m'khutu chifukwa anali otanganidwa ndi kupambana mkangano. Tulo tawo timaduka asanafike pamene munthu amalota. Anayang'ana madzi akudontha kuchokera pa malata. Opaleshoni ikanawasiyira ndevu zawo, koma dokotala mwiniyo anati mwina. Pa makina sananene mwina. Ndipo iwo anali atatopa ndi kudikira pa mwina.

Ubwino wa a Thole n'kuti akatembenuka amatembenuka thupi lonse. Anaimirira, nagwedeza makiyi m'thumba.

"Temwani! Bweretsa maambulera. Tikupita ku shopu."

Babashopu ija inali isanatsegulidwepo Lamulungu. A Thole anayatsa getsi, natenga thaulo loyera, nadzifunditsa okha, nakhala pa mpando umene anthu a mzinda wonse anakhalapo kupatula iwo. Anatsegula kabati, natulutsa lumo lopinda lija, lopukutidwa bwino, nalipereka kwa mayi Mabel ndi manja awiri. Mayi Mabel anapemphera mwachidule, kum'tchula Marjorie ndi dzina, n'kunena kuti a kuchikazi akum'masula mwamuna ameneyu ndi mtima woyera. Kenako anatenga sizasi.

Tisaname, kametedwe kake sikanali kosiririka. Mayi Mabel ankagwira sizasi ngati akudula chingwe cha nkhuni, ndipo wometedwayo sanathe kuugwira mtima.

"Osati choncho, alamu. Yambani m'mbali. Sopo achuluke. Lumo ligone, lisaimirire. Kokani khungu ndi chala, tsatani kumene ndevu zagonera."

"Wamasiye sayankhula akamametedwa," anatero mayi Mabel. "Khalani chete, mungadzione ngati a Foster."

Temwani anaseka misozi ikutsika. Ndevu zinagwera pa thaulo mulu, zakuda zosakanikirana ndi imvi, ndipo pagalasi panayamba kuoneka chibwano chotuwa chimene a Thole anali atachiiwala. Anadziyang'ana nthawi yaitali. Inali nkhope imene Marjorie ankaidziwa, yokalambirapo pang'ono. Mayi Mabel anasonkhanitsa ndevu zonse mosamala, nazikulunga m'kansalu kuti akazitaye kumudzi kumene kunatayidwa tsitsi la ena onse. Atatero anachotsa thaulo lija, nalikutumula kamodzi.

"Finishi," anatero. "Yewo chomene."

Makina anafika pa basi ya ku Joni, kabokosi kakang'ono ngati wailesi. A Thole anagula batire lina lofanana ndi la ku shopu, naliika pansi pa bedi, nauza dokotala pa foni kuti za opaleshoni aiwale. Masiku oyamba sizinali zophweka. Ankadzuka n'kupeza masiki ili pansi ataivula osadziwa, mphuno itauma, m'masaya muli mizere ya malamba. Koma munthu amene anatha kusunga ndevu zaka zonse zija pofuna kutsimikiza mfundo sakanagonja kwa paipi. Ankaivalanso. Ankaitsuka m'mawa uliwonse ndi sopo n'kuiyanika, monga amachitira ndi zipeso, ndipo chibwano ankachipala tsiku ndi tsiku mpaka kusalala. Pang'ono ndi pang'ono mutu unasiya kuwawa. Aneba anayamba kudandaula kuti tsopano afunika kugula galu.

Woyamba kubwerera pa mpando anali a Foster, atayamba aima pakhomo n'kuwafunsa kawiri ngati agona bwino. Ena anatsatira. A Thole anasanduka mlaliki wa makina, ndipo kasitomala aliyense wa khosi lalikulu ankafunsidwa mwachindunji ngati mkazi wake amam'gunda ndi chigongono. Za opaleshoni sankanyoza. Ankati ili ndi eni ake amene imawayanja, munthu akaonane ndi dokotala, koma iwo khosi lawo analisankhira mphepo.

Za maloto sankanena kanthu, ndipo Temwani, amene ankadzera ku shopu m'mawa uliwonse popita kukaphunzitsa, sankafunsa.

Tsiku lina m'mawa, nkhungu isanachoke, anawapeza atatsegula kale, atasesa, atakhala pa benchi manja ali pa mawondo. Munalibe kasitomala.

"Mwawuka uli, adada?"

"Nawuka makora. Khala pansi pang'ono, suchedwa."

Temwani anakhala, chikwama chili pamiyendo.

"Amama ako anabwera."

Temwani anagwira pakamwa. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Anati chiyani?"

"Palibe."

"Sanayankhule?"

"Yayi. Ndinalota tili m'chipinda mwathu momwemo, ine nditavala masiki yangayi, makina akupuma pambali. Nditacheuka ndinamuona wagona pamalo pake, wafunda bulangeti lobiriwira lija mpaka m'khosi, mkono wautaya uko. Ali m'tulo tofa nato." A Thole anapukuta m'maso ndi thaulo la pa phewa, osabisa. "Temwani, ndakhala naye pabedi limodzi zaka zonse zija, koma ndinali ndisanamuonepo ali m'tulo. Nthawi zonse ndikadzidzimuka ndinkapeza maso ake ali yuu, akumvetsera ngati ndipumenso. Ine n'kumamuseka kuti amasinza m'tchalitchi."

"Ndiye munatani, adada?"

"Ndikanatani? Ndinali ndi zambiri zoti ndimuuze. Koma ndinangom'kokera bulangeti, n'kumusiya agone."